Ndinavulala pa msewu wa M1: zaka zodandaulira chipukutamisozi zimatha tili chidikirire

Kuno ku Chigwa cha Shire munthu akagundidwa ndi galimoto, obwera kudzazonda amanena mawu amodzimodzi: "Musadandaule, a inshulansi alipira." N'zoona ndithu, lamulo limatero. Koma palibe amene amawonjezera kuti ufulu wolandira chipukutamisoziwo uli ndi tsiku lake lothera. Tsikulo likadutsa, kaya mwendo unathyoka pawiri, kaya dalaivala anavomera pamaso pa anthu kuti analakwa, khoti likhoza kukubwezani chimanjamanja. Ine ndinazimva zimenezi patatsala miyezi yowerengeka. Bambo amene tinavulala nawo limodzi sanalandire choyenera kuvulala kwawo mpaka lero. Ndalemba izi kuti wina wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje amene ali ndi wovulala m'nyumba ayambe kuwerenga masiku lero lomwe.

Ntchito yanga ndi yogulitsa kaunjika, ndipo masiku a msika ndimayenda pa Dyeratu, pa Nchalo ndi pa Ngabu. Mu Seputembala 2021 ndinakwera kabaza ya njinga yakapalasa chakufupi ndi Bereu, ndili ndi kathumba ka zovala pamiyendo. Tinkayenda m'mphepete mwenimweni mwa tala. Pikapu ina yonyamula katundu wa m'golosale inkafuna kupitirira lole, ndiye itaona kuti kutsogolo kukubwera minibasi, inathawira kumbali kwathu n'kutiwomba chakumbuyo. Ine ndinathyoka fupa la ntchafu. Bambo a kabaza anathyoka mkono ndi nthiti. Anatitengera ku chipatala cha boma cha Chikwawa, ndipo ine ananditumiza kumtunda, ku chipatala chachikulu cha Queens ku Blantyre, kumene anandiika chitsulo m'fupa. Ndinabwerera kumudzi ndikuyendera ndodo, geni itaima, mpamba ukuthera pa mankhwala ndi mayendedwe.

Mwini pikapuyo ndi munthu wodziwika m'dera lathu, wamalonda, wopemphera. Anabwera kuchipatala ndi shuga, buledi ndi ndalama pang'ono za ondidikirira. Nditatuluka, tinakhala pansi kwa a nyakwawa, achibale a mbali zonse alipo. Iye analankhula mofatsa kwambiri. "Amayi, musavutike ndi za makhoti. Galimoto yanga ili ndi inshulansi, mapepala ndiyendetsa ndekha. Inu zanu n'kuchira basi." Atsibweni anga anavomereza, n'kundiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo munthu amene wabwera yekha kudzapepesa sitimuthamangitsira kukhoti ngati mbava.

Sindikunena kuti munthuyo anali ndi chiwembu. Mwina nayenso sankadziwa za malire a nthawi, mwina ankaopa kuti a inshulansi amukwezera ndalama zolipira chaka chotsatira. Za mumtima mwake adziwa yekha. Chimene chimandipweteka n'chakuti ulemu wathu womwewu, umene umatithandiza kukhala bwino ndi anansi, ndi umene umatidyera nthawi pa nkhani ngati imeneyi. Munthu wosauka akavulazidwa ndi munthu wopata, amaopa kuoneka wadyera, ndiye amangoti "tidikire kaye". Lamulo silidziwa zoti munali kusunga ulemu.

Panali chinanso chimene chinatipusitsa tonse. Apolisi a pamsewu anamutsegulira mlandu dalaivala woyendetsa mosasamala, ndipo analipira chindapusa. Achibale atamva kuti nkhani inafika m'manja mwa boma, anapumira m'mwamba kuti basi zonse zalembedwa, ndalama zidzabwera nthawi yake ikakwana. Ayi ndithu. Umenewo ndi mlandu wa boma ndi dalaivala, ndipo chindapusacho chimalowa m'thumba la boma. Mlandu wa wovulala wofuna chipukutamisozi ndi wina, ndipo suyamba wokha. Auyambitse ndi mwiniwake wovulalayo, kapena loya wake.

Kenako kunabwera madzi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anatisiya pamtetete, msewu wa M1 unaduka, magetsi a ku Kapichira anazima, ndipo m'nyumba mwanga madzi analowa mpaka m'chikwama momwe munali buku langa la kuchipatala ndi malisiti. Zina zinapulumuka zitafufutika, zina zinasanduka phala. Chaka chimenecho aliyense anali kalikiliki kumanganso, ndipo ine ndikapita kwa mwini galimoto uja ankandiuza kuti nayenso katundu wake anapita ndi madzi, ndipirire. Nthawi zina ankandipatsa kangachepe ka thiransipoti. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anabweranso, nkhani yanga n'kukhala yaing'ono poyerekeza ndi maliro amene anali ponseponse. Ndani akanalimba mtima kukumbutsa za mwendo wake anthu akufukula abale awo m'matope? Koma masiku aja ankawerengedwabe, a Ana ndi a Freddy omwe.

Amene ananditsegula m'maso ndi dokotala wina wa mafupa, tsiku limene ndinapita kukaonetsa mwendo chifukwa unkatupa kukatentha. Atayang'ana chaka cha ngozi, anandifunsa kuti za chipukutamisozi ndinafika nazo pati. Nditamufotokozera za malonjezo aja anapukusa mutu. "Amayi, pitani mukaonane ndi loya sabata ino. Nkhani zimenezi zili ndi nthawi yake." Mwana wa achemwali anga amene amagwira ntchito mu Limbe ndiye anandiperekeza kwa loya. Funso loyamba la loyayo silinali la mwendo kapena la ndalama. Anafuna tsiku, mwezi ndi chaka cha ngozi, n'kuwerenga pa kalendala ali chete. Apo n'kuti tili mu Juni 2023.

Zimene anandifotokozera ndizilemba monga ndinazimvera, chifukwa ndizo mutu wa nkhani yonseyi. Pali malamulo awiri amene amayendera limodzi. Loyamba ndi Limitation Act, limene limaika malire a nthawi yokasumira milandu yosiyanasiyana. Milandu yambiri ya ngongole kapena ya katundu wowonongeka imapatsidwa zaka 6, koma ngati mukudandaula za kuvulala m'thupi chifukwa cha kusasamala kwa munthu wina, zaka zake ndi 3 zokha. Lachiwiri ndi Road Traffic Act. Lamulo limeneli limakakamiza galimoto iliyonse yoyenda pamsewu kukhala ndi inshulansi yoteteza anthu ena, ndipo gawo 148 limapatsa wovulala mphamvu yosumira kampani ya inshulansiyo mwachindunji, m'dzina lake, osadzera mwa mwini galimoto. Koma mphamvu imeneyi imatha pakapita zaka 2 chichitikireni ngozi.

Ndiye onani mmene zinalili kwa ine. Khomo la a inshulansi linkatsekeka mu Seputembala 2023, la dalaivala ndi mwini galimoto mu Seputembala 2024. Wina akhoza kunena kuti chaka chinacho chikadalipo, n'kuthamangiranji? Koma taganizani kumene kuli ndalama. Dalaivala wa pikapu amalandira zingati pamwezi? Mwini galimoto akhoza kuigulitsa, kusamuka, kapena kulembetsa katundu wake m'dzina la mkazi wake. Kampani ya inshulansi ili ndi ofesi yodziwika ndipo singathawe usiku. N'chifukwa chake ine ndimauza aliyense kuti asamasunge nambala 3 m'mutu. Sungani 2, ndipo musayandikire n'komwe kumapeto kwake.

Ndinafunsa ngati ndalama zing'onozing'ono zimene mwini galimoto ankandipatsa, ndi mawu ake a kwa a nyakwawa, sizikusonyeza kuti mlandu ndi wamoyo. Loya anati zimenezo zikhoza kuthandiza ngati umboni woti munthuyo ankadziwa za ngoziyo, koma siziimitsa nthawi. Kalata yopita ku kampani ya inshulansi siiimitsa. Foni yoti "fayilo yanu tikuiona" siiimitsa. Lipoti la apolisi siliimitsa. Chimene chimaimitsa ndi chimodzi chokha: samani yolembedwa ndi kudindidwa kukhoti nthawi isanathe. Samaniyo ikalowa, ngakhale mlandu utatenga zaka zina ukuzengedwa, ufulu wanu ndi wotetezeka.

Mfundo imeneyi ndinaiona ikugwira ntchito ndi maso anga. Loya atalembera kampani ya inshulansi, iwo anayankha mwaulemu kuti titumize lipoti la apolisi. Titatumiza anati lipoti la chipatala likhale latsopano, losonyeza maperesenti a kulumala. Titatumiza limenelo anati akufufuza kaye ngati dalaivala anali ndi laisensi yoyenera. Pempho lililonse palokha linali lomveka, koma lililonse linkadya masabata. Loya wanga sanadikire kuti amalize kufufuzako. Mu Ogasiti 2023 anakalembetsa samani ku High Court ku Blantyre, yosumira dalaivala, mwini galimoto ndi kampani ya inshulansi pamodzi, zokambirana zikupitirira pambali. Anandiuza kuti kusuma si kudana ndi munthu, ndipo sikuletsa kugwirizana. Zoonadi, sitinafike poimika mboni. Milandu yotere ku High Court imayamba yadutsa pa mkhalapakati, ndipo ifenso tinamvana pamenepo, ndalama n'kutuluka mu 2024.

Kusonkhanitsa mapepala patapita nthawi ndiye kunali ntchito yowawa, makamaka kwa ife okhala kutali ndi tauni. Wapolisi amene anayeza malo a ngozi anali atasamutsidwa, ndipo panatenga nthawi kuti fayilo ipezeke. Mayi wogulitsa zitumbuwa amene anaona zonse anali atasamukira ku East Bank, tsidya la kum'mawa kwa Shire, madzi atagwetsa nyumba yake. Malisiti a mankhwala ndi a galimoto zimene ndinkachita hayala popita kuchipatala anali atapita ndi Ana, ndipo ndalama zimene munthu unawononga khoti limafuna uzisonyeze ndi umboni, osati pakamwa pokha. Zambiri mwa zimenezo sindinabwezeredwe. Ulendo uliwonse wa ku Blantyre unkatanthauza kudzuka mbandakucha, kuwoloka mlatho wa Kamuzu, kudutsa pa Thabwa ndi kukwera makhotamakhota a phiri lija mwendo uli lendelende m'minibasi yodzaza. Munthu wochokera ku Bangula, ku Tengani kapena ku Marka ulendo wake ndi wautali kuposa pamenepo. Choncho ngati muli ndi wachibale amene wavulala sabata ino, mmodzi wa inu alembe nambala ya galimoto, ajambule pa foni kapepala ka inshulansi komata pagalasi lakutsogolo, atenge manambala a foni a mboni, ndipo buku la kuchipatala ndi lisiti lililonse muzijambule n'kutumizira wachibale wa kumtunda pa WhatsApp. Kwathu kuno pepala losungidwa m'nyumba mokha silodalirika dzinja likafika.

Kuchedwa kunandidyanso mwa njira ina. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Inshulansi yoteteza anthu ena ili ndi malire a ndalama zimene kampani ingalipire, zoposa pamenepo zimagwera mwini galimoto. Malirewo sakwera chifukwa choti mwachedwa, pomwe mtengo wa belo la kaunjika, simenti ndi fizi ya ana zimakwera mwezi ndi mwezi. Ndalama zimene ndinalandira mu 2024 zikanabwera mu 2022 zikanandibwezera geni yonse. Zinangokwanira kubweza ngongole za kubanki m'khonde ndi kuyambiranso pang'ono. Ndikuthokoza kuti zinabwera, koma sindingabise kuti zinafika zitachepa mphamvu.

Tsopano za bambo a kabaza aja. Nditangochoka kwa loya ulendo woyamba, ndinapita kwawo kukawauza. Ndinawapeza akhala pansi pa mtengo wa nimu, mkono uja sunawongoke bwino, sangathe kupalasa ndi katundu wolemera. Ndinati, "Achimwene, tiyeni tipitire limodzi, nthawi yatsala pang'ono." Iwo anandiyankha kuti, "Amayi, abwana aja anandigulira njinga ina, ndipo anandidinditsa chala papepala. Ndikapita kukhoti anthu adzati ndine wosayamika." Akuluakulu a kubanja kwawo nawonso anakana, ati nkhani inatha kale pamudzi. Pepalalo iwo sanaliwerenge, ndipo sanapatsidwe lawo losunga.

Anadzasintha maganizo kumayambiriro kwa 2024, ataona kuti mkono ukulephereratu ndipo ana asiya sukulu. Loya anawalandira bwino, koma anawauza zoona. Mwayi wosumira kampani ya inshulansi mwachindunji unali utatha. Njira ya zaka 3 inali ikadalipo, koma yotalika: kumupeza mwini galimoto ndi dalaivala, kuwapatsa samani, kulimbana ndi pepala la chidindo lija ngati linkanena kuti njinga ndiye malipiro omaliza, kuwina mlandu, kenako n'kuyamba kulondola ndalamazo. Apo n'kuti pikapu itagulitsidwa, dalaivala atapita ku Mozambique kukafuna maganyu. Bambowo analibe ndalama zoyendera maulendo onsewo, ndipo Seputembala 2024 anadutsa samani isanalowe. Munthu amene anavulala ngati ine, pa ngozi imodzimodzi, ndi galimoto imodzimodzi ya inshulansi yake, anatsala ndi njinga imene sangathe n'kuipalasa. Nkhani imeneyi imandisowetsa mtendere kuposa mwendo wangawu.

Za mapepala odinda chala ndinenepo mosapsatira. Munthu akakubweretserani pepala muli pabedi la chipatala kapena muli pa njala, kaya ndi mwini galimoto, kaya ndi wa inshulansi, musasayine musanapeze wina wodziwa malamulo kuti akuwerengereni. Mawu ochepa onena kuti mwalandira zonse ndipo simudzafunanso kanthu akhoza kutseka mlandu wa kulumala kwa moyo wonse. Thandizo la chakudya kapena la thiransipoti landirani, palibe cholakwa, koma lisasanduke malipiro omaliza inu musakudziwa. Chipukutamisozi chenicheni chimawerengera ululu umene munamva, zinthu zimene simungathenso kuchita, zipsera ndi kupunduka, ndiponso ndalama zimene mukanamapeza mukanakhala wamphumphu. Njinga imodzi singakwanire zonsezo.

Samalaninso ndi madobadoba amene amazungulira m'mawodi ndi pa mapolisi, n'kumati ali ndi loya wachangu. Ena amatenga lipoti lanu la apolisi n'kusowa nalo, inu n'kumaganiza kuti mlandu uli kukhoti pomwe palibe chimene chalembedwa. Loya weniweni ali ndi ofesi ndi chiphaso cha chaka chimenecho, ndipo a Malawi Law Society amatulutsa mndandanda wa maloya ololedwa kugwira ntchito. Mukamupeza, gwirizanani polemba za gawo limene adzatenge, ndipo mufunseni nambala ya mlandu wanu ya kukhoti. Ngati miyezi ikupita iye osakupatsani nambalayo, dziwani kuti nthawi yanu ikuyendabe. Amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu osauka pa milandu. Ngati kampani ya inshulansi ikukuzunguzani, mukhoza kukadandaula kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, amene amayang'anira makampani amenewa, koma dandaulo limenelo lisalowe m'malo mwa samani.

Pali zina zimene loya anandiuza nditamufunsa za anthu a m'mudzi mwathu, chifukwa nditayamba kulankhula za nkhaniyi ambiri anabwera ndi zawo. Mwana akavulala, lamulo limamuganizira mosiyana ndi munthu wamkulu pa kawerengedwe ka nthawi, koma kholo lisatengerepo mwayi wokhala pansi. Likhoza kusuma m'malo mwa mwanayo nthawi yomweyo, mboni zikadalipo, dokotala akukumbukirabe. Munthu akamwalira pangozi, mkazi kapena mwamuna wake, ana ndi makolo amene ankadalira iye ali ndi ufulu wodandaula, ndipo nawonso ali ndi malire a nthawi, choncho mwambo wa maliro ukatha wina ayambe kuyendetsa mapepala, osadikira kuti chaka chithe. Amene wagundidwa ndi njinga yamoto ya kabaza yopanda inshulansi, monga zilili zambiri pa Nchalo ndi pa Ngabu masiku ano, alibe kampani yoti aisumire, ndiye ayang'ane woyendetsa ndi mwini njingayo msanga asanaigulitse. Wovulala ali pa ntchito, monga amene amanyamulidwa pa malole kupita ku minda, akanene kwa abwana ake ndi ku ofesi ya zantchito ya pa boma nthawi yomweyo, chifukwa kumeneko kuli lamulo lakelake la chipukutamisozi cha ogwira ntchito.

Ndipo ngati yakugundani ndi galimoto ya boma, ya nambala ya MG, pali sitepe ina yowonjezera. Musanasumire boma, lamulo limafuna kuti mupereke kaye chidziwitso cholemba kwa Attorney General, loya wamkulu wa boma, n'kudikira miyezi 3 samani isanalowe. Miyezi imeneyo ichotsereni pa nthawi yanu. Mayi wina wa ku Sorgin amene ndinamufotokozera zimenezi anali atatsala ndi theka la chaka, ndipo tinakwera limodzi minibasi ya ku Blantyre Lolemba lotsatira.